Tambala wa Apongozi

Anzanga, inu mumaseka mukandiona ndikulambalala khola la nkhuku, koma mukanadziwa zimene ndinaona ku Zingalume chaka cha chilala chija, chimene tinkadya chimanga chachikasu cha rilifu, chithandizo cha njala chija, bwenzi mukundipepesa.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa chikamwini, kwawo kwa mkazi wanga Naphiri. Munda umene apongozi, amayi ake a Naphiri, anandipatsa unapsa wonse ndi dzuwa, thonje nalo osatuluka kanthu, moti pamudzi ankangondiona ngati mlendo wodzathetsa ufa. Mtima wanga unali pa chitengwa, kuti ndimutenge Naphiri tikakhale kwathu ku Mlolo, ndipo amalume ake, a Tembo, anali atalonjeza kuti abwera Loweruka tidzakambirane.

Njala ili apo, chitopa nacho chinasesa nkhuku m'mudzi monse. Apongozi anangotsala ndi timisoti ndi tambala mmodzi wamng'ono, lipombo lisanaime n'komwe, kulira kwake ngati wadwala chifuwa. Koma ukali wake, abale! Naphiri anamudumphira akuchokera kuchitsime, ndowa yonse khuthu, madzi ovuta ngati amenewo. Apongozi anawang'amba msongolo mpaka magazi. Kuphedwa sakanaphedwa, poti mbewu inali yomweyo.

Ine n'kuganiza kuti apa ndiye poonetsera uchamuna. A Sakala oyandikana nafe, amene anagwirapo ntchito pa famu ya nkhuku ku Chipata, anandilangiza kuti, "Tambala wamng'ono amangofunika kumuchotsa matama. Musamumenye, musamuthawe. Mumugwire, mumupanire m'khwapa, muziyenda naye pabwalo misoti ikuona. Akachita manyazi, watha ameneyo."

Zophweka, eti?

Ndinasankha Loweruka lomwelo m'mawa, kuti a Tembo pofika masana apeze mbiri yanga ikununkhira. Ndinatenga dengu, n'kutapa chimanga cha rilifu chodzaza dzanja, Naphiri akundiyang'ana ndi diso lofiira.

"A Mbewe, chimanga chimenecho ndinapsa nacho ndi dzuwa pamzere, inu mukumwazira nkhuku?"

"Khala chete uone," ndinatero.

Nkhuku zitayamba kutola, ndinanyang'ama n'kuponya dengu lija. Vindikiru! Koma wovindikiridwa anali msoti, ndipo msoti utangolira m'dengumo, mwini wake tambala uja anandipeza pachifuwa, mapiko m'maso, zikhadabo m'khosi, ine chagada pafumbi. Tinathamangitsana bwalo lonse mpaka ndinamupanikizira pansi pa nkhokwe, nkhokwe yakenso yopanda ngakhale chitsononkho, ndipo ndinatuluka naye ali m'khwapa, mawondo anga atasupuka.

Ndiye ndinayamba kuyenda naye pabwalo monga anandiuzira, uku ndi uku, misoti osandiyang'ana n'komwe. Posakhalitsa ndinamva kutentha m'nthiti, kenako fungo. Wandiipitsira malaya! Ndikuti ndipirire, manyazi ake atsala pang'ono kumugwira, ndinangomva belu la njinga, ngiri ngiri. A Tembo! Anali atalawirira kuthawa dzuwa.

Tsono ndiuzeni inu, mwini mbumba mungamulonjere muli chilili? Ndinanjuta pansi mwaulemu wonse, ndipo manja anga, pozolowera, anayamba okha kuomba. Khwapa n'kutseguka.

Tambala sanathawe ayi. Anandikwera pamutu n'kuyamba kujompha ngati wapeza chiswe. Malangizo a a Sakala onse anauluka, ine liwiro, iye pambuyo, ndipo pofuna pobisala ndinangoona kampanda ka udzu kuseri kwa nyumba n'kulowamo osaodira. Inali bafa. M'bafamo munali apongozi, akusamba. Apongozi enieniwo, amene tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire kuti tisaonane maso!

"Mayo ine! Akamwini!"

Ndinatsinzina zolimba n'kubwerera chambuyo, koma mitengo ya bafayo inali itadyedwa ndi chiswe, ndiye mpanda wonse unagwa nane limodzi, apongozi n'kutsala poyera, a Tembo alongo awo ali pomwepo. Naphiri anathamanga ndi chitenje akulira. Ine ndinangogona paudzupo maso ali chitsinzinire, ndikupempha nthaka kuti ing'ambike. Tambala anakwera pachishalo cha njinga ya a Tembo n'kulira mokweza, mawu osalala bwinobwino, koyamba m'moyo wake.

Palibe anaseka, anzanga, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero. Masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine magazi atauma m'mutu, apongozi atadzitsekera m'nyumba. A Tembo anajambulajambula pansi ndi kamtengo, kenako anati:

"Akamwini, nkhani yanu tinaimva. Koma kwanu ku Mlolo nkhuku ziliko?"

"Ziliko, amalume."

"Ndiye mwana wathu adzamuteteza ndani kumeneko? Bakhalani konkuno. Za chitengwa tidzakamba tambalayu akadzamwalira."

Kodi munaonapo tambala wokhalitsa ngati ameneyo? Mvula inabwerera, tinakolola, ana anabadwa mpaka kuyamba sukulu, iye ali gwa, apongozi akumudyetsa mphale ndi dzanja lawo ngati mwana wachisamba, ine ndikulimabe munda wa eni.

Ndinalumbira, ndipo sindidzabweza: tambala ine ndimakumana naye ali m'mbale basi. Ngakhale pamenepo ndimayamba ndamugwedeza kaye ndi chala, kuti nditsimikize.