A Zuze ndi Inki Yoyera

Ku Nchalo kunalibe munthu wina amene ankakwiyira inki yoyera ngati malemu a Maliko Zuze. Anzawo akakumana nawe amafunsa za ana ndi za kumunda. Iwo ayi. Akaona Mai Clotilda, amene ali ndi makina osindikizira zithunzi ndi mawu pa matisheti, ankayamba kukuwa ali kutsidya kwa msewu, njinga isanaime n'komwe: "Mwaigwedeza?"

Mai Clotilda ankapsa mtima, poti makinawo anali awo. Koma chigwa chonse, kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Bangula, wodziwa kuwakonza anali a Zuze okha, choncho ankangomeza malovu.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi. Inki yoyera ili ngati thobwa: ukaisiya, zolemera zimatsikira pansi, pamwamba n'kutsala madzi. Zotsikirazo zimatseka timabowo ta mutu wa makina, kutentha kwa kuno n'kumaliza ntchito yoziumitsa. Ankati munthu wosagwedeza botolo m'mawa ndi wosasindikiza ngakhale timizere toyesera sayenera kupatsidwa mbuzi, kaya mwana.

Chaka china Mai Clotilda anatseka shopu n'kupita ku ukwati ku Tengani. Atabwerako anapeza kwaya ya amayi ikudikira matisheti a mpikisano wa Loweruka. Makina anatulutsa mitundu yonse, koma yoyera inangobwera mizeremizere ngati nthiti za ng'ombe ya m'chilala. Amuna awo, a Emmanuel, anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Anatenga singano n'kuyamba kutokosa timabowo, kenaka anauzira ndi pakamwa.

A Zuze atafika anayang'ana mutu wa makina, n'kuyang'ana milomo ya a Emmanuel yomwe inali mbuu ngati adya malambe.

"Bambo, diso la mkazi wanu likalowa kachitsotso, mumatenga singano?"

A Emmanuel anayesa kufotokoza. A Zuze anawadula ndi "ayi" wa Chisena, "Nkhabe," n'kuwalozera chitseko. Mwamuna wathunthu anatulutsidwa mu shopu ya banja lake, nakakhala pa benchi ya ogulitsa mizimbe, amayi a kwaya akuonerera ali pakhonde.

A Zuze anaigwira ntchitoyo ngati akudwazika khanda. Anakhazika mutu pa kansalu konyowa ndi mankhwala otsukira kuti zouma zifewe. Anakoka inki ndi jakisoni pang'onopang'ono mpaka mpweya wonse unatuluka m'timapaipi, uku akutukwana dzuwa, fumbi la mathirakitala, ukwati wa ku Tengani, ndi mkwatibwi yemwe sankamudziwa. Amayi a kwaya atayamba kuyeserera nyimbo anawaletsa, ati akusokoneza wodwala. Timabowo tina tinali titafa ndi singano ija, koma totsalato tinatseguka. Kwaya inavala matisheti ake n'kukakhala yachiwiri. A Zuze anati kuimba kunali kwa nambala yachinayi, zilembo ndi zimene zinawakweza.

Ngakhale pa maliro sankaugwira mtima. Atamwalira mkulu wina wa njinga za kabaza, abale anakasindikizitsa kwina matisheti a nkhope yake. A Zuze anaima pamaso pa mchimwene wa malemuyo, akuyang'anitsitsa pachifuwa pake. Mwamunayo anaganiza kuti akumupepesa, nawagwira dzanja. Iwo anamuuza kuti m'bale wake wafa kawiri, koyamba ndi malungo, kachiwiri ndi munthu wosatsuka makina. Mai Clotilda anawakoka malaya n'kukawabisa kuseri kwa galimoto, manyazi atawagwira, uku akumeza phwete.

A Zuze atadwala, Mai Clotilda anakawaona kuchipatala. Anawapeza ataonda, mawu atatsika, koma maso ali pa kapaipi ka diripi. Anali atamuvutitsa kale namwino kuti aona kathovu ka mpweya, ndipo namwinoyo, pofuna mtendere, ankakagogoda ndi chala nthawi iliyonse akadutsa. Potsanzikana a Zuze anagwira dzanja la Mai Clotilda n'kuwauza kuti pa anthu onse osasamala a m'chigwa muno, iwo anali osasamala pang'ono. Mai Clotilda analira njira yonse ya mu minibasi, atakwiya kuti mawu abwino okhawo awasungira mpaka tsiku limenelo.

Chimwalirireni a Zuze, pa Nchalo pali phee wachilendo. Magetsi akazima palibe woyenda shopu ndi shopu kulalata kuti aphimbe makina fumbi lisalowe. Ogulitsa mizimbe amati masiku akutalika.

Mwezi watha makina anatsekekanso. Kunabwera wokonza wa ku Blantyre, waulemu, wa nsapato zowala. Anagwira ntchito yake bwinobwino, akumwetulira, n'kunena kuti palibe vuto, izi zimachitikira aliyense.

Mai Clotilda anamuyang'ana, nkhope itatupa.

"Vuto lilipo, achimwene. Inki yoyera ndinaisiya dala osaigwira sabata yonse. Ndiye mungopita osandikalipira?"

Wokonzayo anapepesa, osadziwa chimene akupepesera. Atatuluka, Mai Clotilda anatseka chitseko dzuwa lili pamutu, n'kukhala pansi pafupi ndi makina awo.