Jekete la a Makwinja Lagona Pamphasa

Lolemba

Loji ina ya pamwamba pa phiri ikufuna munthu wophunzitsa antchito ake chithandizo choyambirira, makamaka kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima. Akuti mlendo akakomoka pokwera phiri, iwo amangomukupiza ndi chipewa. Ntchito ndi yanga, atero abwana akumeneko, bola Lolemba likubwerali ndifike ndi satifiketi m'manja. Digiri yanga ya ku Chirunga sanaiyang'ane n'komwe. Digiri imene ndinaonda nayo ine!

Palibe kanthu. Maphunziro a pa intaneti ndamaliza, mayeso ndakhoza. Chatsala n'kutumiza vidiyo yoonetsa ine ndikuphunzitsa gulu la anthu pa chidole, pofika Loweruka. Zimenezo n'zovuta?

Lachiwiri

Chidole ndilibe. Ndalembera othandiza makasitomala a maphunzirowa. Yankho: "Funso lanu ndi lofunika kwa ife. Chidole gulani m'sitolo ya zachipatala imene muli nayo pafupi."

Pafupi! Kuno ku Sadzi pafupi ndili ndi:
wamakala,
wometa,
a Nachisale a mandasi.

Ndawalembera zimenezi. Akuti funso langa ndi lofunika kwa iwo. Wondiyankhayo akuti dzina lake ndi Jenifa. Sadya, satopa, sakwiya. Ndikukayika ngati ali ndi mtima woti munthu n'kuutsitsimutsa.

Lachitatu

Munthu wophunzira sagonja. Ndapanga changa: chifuwa ndi thumba la gaga, mutu ndi mpira wophwa, miyendo ndi thalauza lodzaza nsanza. Kuti chioneke ngati munthu, ndachiveka jekete la a Makwinja, eni nyumba ndikukhalayi. Apita kumunda kwawo ku Balaka, jekete alisiya pamsomali pakhonde, akuti kumunda lingade. Sadzi yense amalidziwa jekete limeneli: kutchalitchi ndi lomwelo, kuukwati ndi lomwelo, dzuwa la Okutobala ndi lomwelo.

Ophunzira ndapeza, amayi akwaya akumpingo kwathu, mtsogoleri wawo a Nachisale omwe aja. Koma akuti: "Zopumira munthu m'kamwazo, mwana wanga, ife ayi. Tili pabanja." Ndikuti ndi thumba la gaga. "Eya, koma lavala jekete la mwamuna." Tagwirizana kuti kumaso tiphimba ndi chitenje. Sayansi yagonja kwa chitenje!

Lachinayi

Kuyeserera. Pokanikiza pachifuwa pamafunika changu, ndiye maphunziro amati uzitsata nyimbo yothamanga. Ndili ndi kwaya yathunthu, ndiye vuto lili pati? Vuto ndi a Nachisale. Ndikaiyamba mothamanga, iwo akuikoka, akuikoka, mpaka ikumveka ngati tikuperekeza bokosi. "Nyimbo ya Mulungu sitiithamangitsa ngati kabaza." Ndikuti pa liwiro limenelo wodwala amwalira. Akuti akatero ndiye kuti nthawi yake yakwana.

Magetsi azima, foni yatha moto. Kujambula mawa.

Lachisanu

Zalerozi ndilemba zonse, kuti mtsogolo wina asadzandinamizire.

M'nyumba muli mdima, ndiye mphasa tayala pabwalo. Wagaga uja wagona chagada, chitenje kumaso, jekete poyera. Amayi agwada mozungulira, mipango kumutu, nyimbo yawo yokoka ija. Foni ndatchajitsa kwa wometa, ndaiimika pa njerwa. Ine ndikufuula monga ndinaphunzirira: "Bambo! Bambo! Mukundimva? Sakupuma! Itanani thandizo!"

Wakabaza wina wasuzumira pampanda. Waona jekete. Wavula chipewa. Wapalasa njinga ngati akuthawa moto.

Thandizo labweradi:
nthambi zamasamba pamsewu, kudziwitsa odutsa kuti pano pagwa zovuta,
mitolo ya nkhuni,
ufa m'timabeseni,
mabenchi akutchalitchi,
mchemwali wa a Makwinja wochokera ku Chinamwali, kulira atakuyambira kumsika.

Ndikufuula kuti ndi gaga, anthuni, ndi gaga! Mayi wina wandigwira paphewa: "Limbani mtima, achemwali, mwayesetsa." A kwaya anga, m'malo mondithandiza kulongosola, aona anthu achuluka ndiye akweza mawu!

Ndavundukula chitenje. Mpira uja wagubudukira pamapazi pa mchemwali. Kenako iwo: "Nanga achimwene mwawaika kuti?"

Loweruka

Malemu afika. Foni yawo inali yozima, ndiye imfa yawo aimvera m'minibasi, kwa mayi wokhala nawo mpando umodzi, amene wawauzanso kuti womwalirayo anali munthu woumira. Apeza nthambi zikadali pamsewu, abale akumudzi ali pamabenchi, poti uthenga wachiwiri suthamanga ngati woyamba.

"Ine ndafa liti, mayi? Osandiuza mwini wake bwanji?" Akukutumula gaga m'jekete, sakundiyang'ana. Koma chawapweteka kwambiri si kufako. Afunsa amene anabwera, ndipo apeza kuti anzawo osewera nawo bawo sanaoneke ndi mmodzi yemwe. Apita konko jekete lili pathupi.

Vidiyo ina ndilibe, tsiku ndi lero. Ndatumiza yomweyo. Koyambirira kwake manja anga ali pamalo oyenera, zigongono zowongoka bwinobwino. Munthu wamaso aona yekha.

Lamulungu

Jenifa wayankha, ndipo koyamba wanena zachilendo: "Taona vidiyo yanu. Pepani kwambiri ndi imfa ya wokondedwa wanu. Kuti mulire mopanda chosokoneza, taimitsa maphunziro anu mpaka mwezi wamawa."

Mawa ndi Lolemba. Satifiketi palibe. Alendo akuphiri apitiriza kukupizidwa ndi chipewa.

Kutchalitchi a Makwinja alowa ndi jekete lawo, nthungululu tchalitchi chonse. Panja ndamva a Nachisale akuuza amayi ena: "Tinakanikiza, tinaimba, si awo akuyenda?" Tsopano aliyense akufuna kulowa kalasi yanga, bola nyimbo ikhale yomweyo.

Ndalembera Jenifa kuti malemu ali moyo ndipo adya kale nkhomaliro. Akuti funso langa ndi lofunika kwa iwo.

Wodwala wanga wagaga uja ndamuthirira nkhuku.