Khosi Langa ndi Nkhuku za a Gondwe

Lolemba

Kalata ya inshuwalansi yafika. Ndawerenga kawiri chiimire, kachitatu nditakhala pansi. Mtengo wakwera ngati galimoto yanga yabereka. Inshuwalansi yakale ikutha Loweruka lino. Popanda inshuwalansi galimoto siyenda. Popanda galimoto palibe ntchito, poti ntchito yanga ndi yoyendera nkhalamba m'nyumba zawo, mzinda wa Coventry wonse kuno ku Mangalande, kuzisambitsa ndi kuzimwetsa mankhwala. Ntchito ikatha, viza nayo yatha.

Koma Mulungu sagona! Dzulo potuluka m'tchalitchi, a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, anandigunda kumbuyo pobweza galimoto yawo. Kugunda kwake ngati kugogoda pakhomo. Tinaseka n'kusiyana.

Ndauza alamu anga a ku Telford. Akuti: "Alamu, mukuseka chiyani? Kuno khosi ndi ndalama! Mnzanga wina anaklema ku inshuwalansi kuti wavulala khosi, anagula sofa."

Pulani:
1. Kugula kolala yapakhosi.
2. Kupeza loya.
3. Kulandira ndalama pofika Lachisanu.
4. Kulipira inshuwalansi. Zotsala, makatani.

Wolipira ndi kampani, si a Gondwe. Mawu amenewa ndikudzibwerezera pafupipafupi, chifukwa a Gondwe ndi amene anakanditenga pabwalo la ndege ku Birmingham, n'kundiveka jekete la akazi awo ndikunjenjemera.

Khosi: lili bwinobwino.

Lachiwiri

Kolala ndagula. Pagalasi ndikuoneka ngati wansembe amene wangodya kumene.

Ndaimbira kampani yanga ya inshuwalansi, ndafotokoza za ngozi, ndadandaula za khosi, ndapereka nambala ya galimoto ya a Gondwe. Mtsikana wapafoni: "So sorry to hear that." Anthu aulemu bwanji!

Kuntchito zavuta. Agogo oyamba atangoona kolala akana kuti ndiwadzutse. Adzuka okha, munthu woti sanaimirirepo yekha chiyambire Khirisimasi. Andikhazika pampando wawo, akufuna kundipangira tiyi. Pofika masana manijala wamva. "No lifting until I see a doctor's note." Mashifiti onse a sabata ino wafufuta.

Kwa dokotala malo alipo, pakatha milungu itatu.

Khosi: bwinobwino, kungotentha thukuta.

Lachitatu

Tsiku la maloya.

Woyamba: ndangoti khosi, foni yaduka.
Wachiwiri: nyimbo, nyimbo, nyimbo.
Wachitatu: mayi wachifundo, wandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wanu.

Akuti lamulo linasintha zaka zingapo zapitazo. Boma linaona kuti makosi odandaula achuluka, linachepetsa ndalama ya khosi. Milandu ing'onoing'ono loya sapezaponso kanthu. Umadzilembera wekha pa intaneti, umapereka kalata ya dokotala, umadikira miyezi. Ndalama yake ya khosi lopweteka pang'ono, mwina n'kugulira matayala, osati onse.

Ndafunsa chifukwa chake. "So insurance gets cheaper for everyone, love."

Aliyense! Nanga ine sindine aliyense? Ndatenga kalata ya Lolemba, ndaiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, mpaka m'envelopu, kufuna pamene kutchipako kwabisala. Palibe. Khosi latsika mtengo, inshuwalansi yakwera. Kumene ndalama yapakatipo yalowera akudziwa eni dziko.

Ndaimbira alamu. "Aa, za sofa zija n'zakale, ine ndisanabwere n'komwe. Sindinakuuzeni?" Sanandiuze.

Kolala sindingavule. Manijala waiona, agogo aiona, aneba aiona.

Lachinayi

Pulani yachiwiri: kusamukira ku kampani ina. Mnzanga wakuntchito, wa ku Chipata, akuti: "Kuno ni free market, mwana. Boma siliika mtengo. Makampani ni mbwee, azakulimbirana monga mkwatibwi."

Ndadzaza fomu pa foni. Funso lachisanu ndi chimodzi: mwachitapo ngozi m'zaka zisanu zapitazi? Lolemba yankho linali ayi. Lero ndi inde. Ndinakadzinenera ndekha Lachiwiri, mwaulemu, osakakamizidwa ndi munthu.

Ondilimbirana aja ndi awa:
- Wina mtengo wake ukuposa wa galimoto yomwe.
- Wina akufuna kuika kabokosi m'galimoto koti kazikandinenera ndikathamanga. Kumudzi tinkathawa anthu otere.
- Wina atsitsa ngati galimoto imagona m'garaja. Ine mwini wake ndimagona chipinda chimodzi ndi furiji!
- Ndayesa kulemba kuti ndine m'busa. Watsika pang'ono. Ndafufuta, machimo a sabata ino akwana.

Ndabwerera ku kampani yanga, kuti basi ndipatseni mtengo wa Lolemba womwe uja. Akuti unasintha chifukwa cha ngozi. Wolakwa si ine! Akuti akudziwa, koma munthu amene wagundidwa kamodzi amakonda kugundidwanso. Ndiye kuti kugundidwa ndi khalidwe.

Khosi: kolala ikuyabwa. Ndikukanda ndi foloko.

Lachisanu

Lero ndi tsiku lolandira ndalama, malinga ndi pulani.

Masana kugogoda pakhomo. A Gondwe ndi akazi awo, atavala za kutchalitchi, pambuyo mwana wawo wamkazi wobadwira kuno atanyamula jumbo. Kampani yawo yawaimbira kuti ndavulala khosi.

Mayi Gondwe agwada pakapeti, mayi a msinkhu wa amayi anga. "Mwana wathu, kuvulala osatiuza? Tikamve kwa azungu? Tabwera kudzapepesa."

M'jumbomo: nkhuku ziwiri zolimba ngati zakumudzi, zogula m'mashopu a pa Foleshill Road, ufa, ndi mafuta otikitira khosi. Chipepeso.

Ukalandira chipepeso mlandu watha. Ndikudziwa, iwonso akudziwa. Ndagwada nanenso, ndalandira ndi manja awiri. Kolala yandikaniza kuweramitsa mutu, ndiye ndalandira chipepeso nditatukula chibwano ngati mfumukazi.

Potuluka mwana uja: "Dad, you know yours is going up as well, yeah?"

A Gondwe: "Izo ndi ndalama chabe, iwe. Khosi ndi limodzi."

Manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Atapita ndalira. Kenako ndaphika nkhuku imodzi, poti ikanaonongeka. Yakoma kwambiri, ndipo kukomako n'kumene kukundipweteka.

Loweruka

Ndaimbira kampani kuti dandaulo ndachotsa, nkhani tinakambirana, inatha. Akuti chabwino, atseka. Nanga ngoziyo? Ikhalabe m'kompyuta zaka zisanu, kwa ine ndi kwa a Gondwe. Ndafotokoza za chipepeso, za kugwada, za nkhuku. Mtsikana wapafoni wafunsa: "Was the chicken in the vehicle?"

Manijala akuti Lolemba ndibwerere, bola ndilibe kolala ndipo ndili ndi choyendera. Ndalama yolipirira inshuwalansi ndilibe, sabata yonse sindinagwire ntchito. Galimoto ndaiimika kuseri kwa nyumba. Ndaisisita pang'ono.

Khosi: ndadzuka silikutembenuka. Masiku anayi m'kolala, lauma gwa! Likupwetekadi tsopano, kuchokera kukhutu mpaka paphewa, mlandu utatsekedwa kale.

Lamulungu

Kutchalitchi pa basi. Kolala ndavala, lero ndikuifunadi.

Pakati pa mapemphero a Gondwe aimirira: "Tili ndi mwana wathu wodwala, ndipo womuvulaza ndine." Andiitanira kutsogolo. Abusa asanjika manja, mpingo wonse ukupemphera mokweza, Mayi Gondwe misozi chuchuchu. Ndikanatani? Mawa kuntchito safuna kolala. Ndavula.

Nthungululu! Ng'oma! Abusa: "Tembenukani, mlongo, aone!" Ndatembenuka thupi lonse pamodzi ndi mapewa. Anthu ayesa ndikuvina, ayamba kuvina chimodzimodzi.

Zimene ndapata sabata ino: nkhuku imodzi mufuriji, kolala yopanda ntchito, umboni wa machiritso.

Potuluka a Gondwe andifunsa za galimoto. Ndanena zoona, koyamba sabata ino, kuti inshuwalansi yandikanika. Sanafunse zambiri. "Ine ndinapuma ntchito, ndimangokhala. Kuyambira mawa ndizikuyendetsani kwa agogo anuwo mpaka mutapeza ndalama." Ndinafuna kuwauza zonse pomwepo, koma ndinangothokoza.

Talowa m'galimoto yawo, pamalo pomwe paja anandigundira. Aliza injini, agwira giya, kenako andiyang'ana.

"Maso angawa atha, mwana wanga. Poti khosi lachira, tandionerani kumbuyoko."

Ndaluma mano, ndatembenuka.

"Bwererani, bambo. Kulibe kanthu."