Mbuzi Inadya Ine Wakale

Anzanga, siyani kaye tchipisiyo mumve. Usiku wathawu ndinalota ndili kuno ku ofesi, m'chipinda chozizira chija cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga ntchito zathu, ndekhandekha monga mwa masiku onse. Paja ndine ndinatchera kuti Lamlungu lililonse makina azikopera okha zikombole zathu, makompyuta aja okhala m'mimba mwa seva amene timaumbira atsopano, ndipo malo akachepa kope lakale lizifufutika. Ndiye chikombole chimodzi chinatsokomola.

"A Likongwe," chinandiitana, "ine ana ndaumba ambirimbiri, koma sanandiyatsepo ndi kamodzi komwe. Nanga inuyo, kwanu amakuyatsani ndani?"

Mwadzidzidzi seva inatseguka ngati chitseko cha minibasi, ndiye m'katimo munali benchi lalitali, pabenchipo a Likongwe okhaokha, ine amene, kope la Lamlungu lililonse. Wa sabata yatha ndevu zili nyankhalala, woyandikana naye akudya buledi wouma, palibe wopatsa mnzake moni. Koma kumapeto kwenikweni kunakhala ine wonenepa, malaya ositidwa bwino, atanyamula makapu awiri a tiyi. Ameneyo anali ine wa nthawi ija mkazi wanga Eneless asanamange katundu n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. Ankanunkhirabe sopo amene Eneless ankachapira. Mtima unandiwawa, anzanga, sindikubisirani.

Ndiye analowa abwana athu a Chikadza, akudandaula za malo, ndipo ali m'kati moyankhula nyanga zinamera, ndevu zinatsika, basi mbuzi yovala tayi.

"Disiki yadzaza," inatero mbuziyo. "Watsopano akalowa, wakale atuluke. Munatchera nokha."

Inayamba kutafuna mwendo wa buluku la ine wonenepa uja.

Ndinachonderera kuti, "Pepani bwana, idyani wa sabata yathayu! Alibe ntchito, amangogona pampando TV ikulira."

"Timayambira wakale. Mee!"

Ndinathamangira pa kiyibodi kuti ndiimitse zonsezo, ndiye mabatani anasanduka mtedza wokazinga, ndikadina akungosweka. Mwadzidzidzi sikirini inayasamula n'kunena mwaulemu ngati mtsikana wa ku banki: "Kuti muimitse, pafunika munthu wachiwiri avomereze."

Ndinasuzumira m'khonde, mulibe munthu. Ndinakuwa mayina anu nonsenu, amene anandiyankha ndi mafani oziziritsa seva okha. Ndiye a Likongwe onse a pabenchi anakweza manja, aliyense akuti, "Ine ndavomera!" Sikirini inawayang'ana mmodzimmodzi.

"Pepani bambo. Nonsenu ndinu munthu mmodzi."

Apo n'kuti mbuzi itafika m'chiuno. Ine wonenepa uja sanalire ayi, ankangomwetulira ngati munthu amene akudziwa kuti kunyumba akumudikira. Anandipatsira kapu imodzi.

"Gwira, ukampatse Eneless usanazizire. Shuga ndathira kale, paja amakonda wambiri."

Ndinalandira. Kapuyo inali yotentha, m'mphepete muli kachidindo ka milomo yake. Ndinafuna kufunsa kuti ndikampeza kuti, koma mbuzi inameza mutu, inageya, n'kukonza tayi. Onse a pabenchi anasendera kumapeto, ndipo patsogolo panatsala malo a munthu mmodzi. Chikombole chija chinanong'ona kuti, "Khalani, a Likongwe, ndi anu amenewo."

Ndinadzidzimuka foni ikulira kuti tii, tii. Unali uthenga wa seva wa Lolemba lililonse: kukopera kuja kwatheka bwinobwino, kope lakale lafufutidwa. Dzanja langa linali likadali chopinda, ngati lagwira kapu.