Ndudu Imodzi ku Luwawa

Lolemba

Tafika ku Mzimba. Kuzizira! Juni wa kuno si wa kwathu ku Kasungu, uyu akuluma mpaka m'mano.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawailesi a anthu, ntchito yodziphunzitsa ndekha, koma phiri sindinakwerepo ngakhale limodzi. Mayi a Tadala akuti ulendowu ndi mphotho yanga chifukwa ndinasiya fodya pa Khirisimasi. Ndinalumbira nditagwira Baibulo lawo. Anati ndikadzasutanso ndidzawadziwa bwino.

Zoti tione:
nkhalango ya Luwawa ndi damu lake
mapaini a ku Chikangawa
tchalitchi chakale cha ku Embangweni, izi ndi za mayi
phiri lililonse, bola ndijambulitse ndili pamwamba

Kumsika ndakangana ndi wamalonda wina wa chisoti choyera. Machesi ake ndi ofewa ngati agonera pamame, ndamuuza pamaso pa anthu. Ine sindibisa mawu. Iye wangoseka: "Achimwene a jekete yofiira, mtima pansi, muli kwa eni kuno." Ndagulabe. Ndudu ziwiri ndagula kwina. Si zosuta ayi, n'zongosunga m'thumba chifukwa cha mphepoyi.

Lachiwiri

Luwawa! Tapita pa kabaza, mayi njinga yawo, ine yanga. Wondikweza ine akugunda dzenje lililonse ngati walipidwa kutero. Ndamufunsa ngati maso anawasiya kunyumba.

Koma malo! Mitengo yowongoka, mizere mizere, kumwamba kosaoneka. Pansi pali masamba ouma onga singano, ofewa kuposa matiresi athu. Damu lili zii. Pachipata pali chikwangwani choletsa moto.

Mayi akhala pamwala, akuimba ya kwaya. Ine ndati ndikukadzithandiza. Ndalowa m'mitengo. Imodzi yokha! Kukoma kwake, Ambuye mundikhululukire. Ndili pakati, mawu aja: "Bambo a Tadala, mwagwera m'dzenje?" Ndaiponya, ndatafuna masamba a paini kuti fungo lichoke, ndathamanga.

Ndinaiponda. Ndikukumbuka kuti ndinaiponda.

Ndi phazi liti?

Lachitatu

Utsi!

Ndatuluka pakhonde la nyumba ya alendo ndi kapu ya tiyi, ndipo uko kumapiri, mbali yomwe tinali dzulo, utsi wakuda ukukwera. Eni nyumba, a Jere, ayang'ana n'kungoti, "Luwawa uyo, wayamba." Akupitiriza kumwa tiyi wawo. Ine wanga watayikira pa thalauza.

Ndawafunsa ngati munthu wongocheza: kodi wotentha nkhalango amamutani kuno? Iwo: "Adada, akagwidwa ndi anthu a macheka, mbwenu apolisi amabwera kudzamupulumutsa. Akafika msanga."

Ku Chikangawa sitikupita. Ndauza mayi kuti m'mimba mwavuta. Si bodza kwenikweni.

Odziwa nkhope yanga m'tauni muno:
wamachesi
wakabaza uja ndinamunena za maso
mayi wa nthochi amene ndinamuuza kuti akugulitsa zala za ana
kondakitala wa Lolemba, sindikukumbukanso kuti tinayambana chiyani

Pakamwa pangapa! Munthu wofatsa akanadutsa osaoneka.

Macheka ndikuwaopa. Ndende ndikuiopa. Koma tsiku lomwe adzawerenge mlandu, mayi a Tadala atakhala pa benchi yakutsogolo, n'kumva mawu oti ndudu... bola macheka.

Lachinayi

Utsi wakula. Tsopano uli pawiri.

Jekete yofiira ili pansi pa matiresi. Ndavala juzi ya mayi, ya maluwa pachifuwa. Ndevu ndameta zonse. Pagalasi pali munthu wooneka ngati mbatata yosenda, koma akufananabe nane.

Mayi apita okha ku Embangweni. Ine ndatsala m'chipinda, katani yotseka.

Masana lole ya matabwa yaima panja penipeni. Kwatsika amuna a mapewa otambalala, utuchi m'tsitsi. Mmodzi akuloza nyumba ino! Ndathawira kubafa, ndakhoma, ndakhala pa ndowa. Ndikumva a Jere akuseka nawo m'Chitumbuka, mawu amodzi okha ndawagwira: moto.

Amafuna pootchera chimanga chawo. Adya, apita.

Ndudu yachiwiri ndaiponya m'chimbudzi chokumba. Yosayatsa. Ndabwererako kukaona ngati sikufuka.

Mayi abwera akusangalala, foni yodzaza zithunzi. Akuti apempherera m'mimba mwanga, azimayi a kumeneko athandizira. Andigulira mankhwala owawa ngati ndulu. Ndamwa. Ndiyenera.

Lachisanu

Ndati tibwerere kwathu lero. Mayi akana: "Ulendo munaukonza nokha, phiri simunakwere, mukufuna anthu akatiseke?" Andikokera kumsika kuti mphepo indiwombe.

Ndikuyenda kumbuyo kwawo, mutu pansi, juzi ya maluwa. Tikudutsa, tatsala pang'ono kupulumuka. Kenako mawu, msika wonse kumva:

"Achimwene! Jekete yofiira ija ili kuti? Ndevu mwagulitsa? Nanga machesi aja, anayaka?"

Anayaka! Akundifunsa ngati anayaka! Ndikadakhala wa masiku onse ndikadamuyankha mpaka chisoti chigwe. Koma lero? Ndangoti yewo, yewo, ngati mwana wa Sande sukulu.

Mayi: "Machesi ati?"

A kandulo, ndatero.

"Magetsi sanazimepo chifikireni."

Sanafunsenso. Kusafunsa kwawo n'koopsa kuposa kufunsa.

Chakudya sichikulowa. Galimoto iliyonse ikaima, ndaimirira. Galu akauwa, ndaimirira. Mitengo yonse ija, anthu anadzala ndi manja, ine ndi kandudu kamodzi! Ndani adzakonze mawailesi ndasiya otsegula pa tebulo?

Loweruka

Sindingathenso. Ndine munthu wonena poyera, ndikanena ndekha macheka asanandipeze. Ndavala jekete yanga. Ndauza mayi kuti ndikupita ku Luwawa, iwo akuganiza kuti ndi za phiri, atenga mazira owiritsa. Ndawapempha atsale. Akana.

Panjira udzu wapsa, bii, kampata kakuda kotsata m'mphepete mwa nkhalango. Sindikuyang'ana kwambiri, maso adzaza misozi.

Pa kanyumba ka alonda pali bambo wachikulire wa magambuti, akudya chinangwa. Ndagwada m'phulusa. Ndanena zonse, mokweza, mwadongosolo: ndine, Lachiwiri, kuseri kwa damu, ndudu imodzi, sindinaiponde bwino, nditengereni kupolisi koma musandipereke kwa a macheka.

Bamboyo wasiya kutafuna. "Adada, imirirani, mudetsa thalauza. Moto uwu tayatsa ndife. Juni aliyense timatentha udzu wa m'mphepete usanaumitse, kuti moto wa Okutobala usadzapeze polowera. Tayang'anani mitengo, yapsa?"

Ndayang'ana. Yobiriwira yonse. Mpaka uko.

Waitana anzake. Abwera ndi nthambi zozimitsira moto m'manja, ndipo andipempha ndibwerezenso nkhani yanga kuti amene anali kutali amve. Wina wakhala pansi chifukwa cha kuseka. Wamkuluyo wandilanda machesi, wandilozera chikwangwani kuti ndichiwerenge mokweza, kenako wati, "Yewo chomene pobwera. Otentha enieni sabwera."

Mtima wanga wapepuka, ndatsala pang'ono kuvina. Ndatembenuka.

Mayi a Tadala aima pomwepo, dzira losenda m'manja.

"Ndudu?"

Lamulungu

Tili m'basi. Kutchalitchi mayi apita okha m'mawa, abwera nkhope yowala ngati munthu wolandira mphamvu zatsopano.

Sanakalipe. Ndikadakonda akalipe, kukalipa ndimakudziwa, ndimayankha. Aimbira foni Tadala, achemwali awo, ndi mayi busa. Aliyense amuuza kuyambira pa kugwada. Mayi wokhala nafe mpando umodzi nayenso wamva, wandiyang'ana, wawamvera chisoni mayi m'Chitumbuka, "Chitima chomene, amama," n'kuwapatsa nthochi. Ine sanandipatse.

Phiri sindinakwere. Mapiri akudutsa pawindo, okongola, alibe nane kanthu.

Malamulo atsopano, anenedwa ndi mawu ofatsa:
matumba anga azisechedwa pochoka ndi pofika
zala azinunkhiza okha
kulikonse kumene ndikuti ndikukadzithandiza, aziima pakhomo

Basi yaima pa Jenda. Amuna onse atsika kukataya madzi kuseri. Ndadzuka. Dzanja la mayi lagwira jekete.

"Khalani pansi, bambo a Tadala. Kuli udzu wouma uko."

Ndakhala. Tiyi ndinamwa wambiri m'mawa. Kasungu ndi kutali.