Mkaka wa Ana pa Mitu ya Masisitere

Ku Raffingora kukadali nkhalamba ziwiri zitatu zimene zikandiona zimayamba kununkhiza m'mwamba ngati agalu a uzimba, kenako n'kufa nalo phwete. Ndati ndiifotokoze ndekha nkhaniyi ndisanafe, chifukwa iwowo akamaikamba amathira mchere wambiri.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Makolo anga anachokera ku Dedza wapansi, koma ine ndinabadwira mu komboni, pa pulazi ya fodya ya mzungu ku Raffingora komweko, ku Mashonalandi. Abambo ankasonkha moto m'mabani oumitsira fodya, ndipo Loweruka ankaimba ng'oma ku gule wamkulu. Amayi anali Akatolika a kolona m'khosi. Mmene ankagwirizanira anthu awiriwo akudziwa ndi Mulungu, koma anabereka ana asanu ndi awiri.

Lachinayi lililonse kunkabwera kagalimoto kokalamba kuchokera ku mishoni, muli masisitere awiri. Wina anali mzungu wokalamba wa ku Jeremani amene tonse tinkamutcha Amayi Aakulu. Winayo anali Sisitere Benedikita, Mshona wamtali wosakonda zoseka. Ankatsuka zilonda, kudontheza mankhwala m'maso, ndi kumwetsa ana mkaka wa ufa wosungunula m'madzi owira.

Tsiku lina ndinaona Sisitere Benedikita atagwada pa fumbi akutsuka mwendo wa mkulu wina wa kwathu ku Nyasalandi, mtchona wopanda mbale, amene ife tonse tinkamulambalala chifukwa cha fungo. Iwo ankatsuka uku akung'ung'uza nyimbo. Zinandikhudza mtima. (Ndinene zoona, poti ndayamba kuulula: nsapato zawo zakuda zinandikhudzanso. Komanso ndinaona kuti manja awo sankada ndi utomoni wa fodya, ndipo panalibe foromani wowakalipira.) Madzulo ake ndinalengeza kunyumba kuti Mulungu wandiitana.

Amayi analira ndi chimwemwe, ndipo dzuwa lisanalowe komboni yonse inali itamva. Abambo anangotulutsa kaliwo pakamwa.

"Iwe? Anthu aja amakhala tsiku lathunthu osalankhula. Iwe umalankhula ndi m'tulo momwe. Akubweza sabata isanathe."

Mawu amenewo ndinawamanga pa mpango n'kupita nawo ku mishoni, kumene anandilola kukhala mwezi umodzi kuti andione.

Moyo wa kumeneko sunali wa nsapato zokha. Belu linkalira tambala asanaganize n'komwe zolira. Tinkalowa m'tchalitchi, masisitere n'kugwada ola lathunthu osadzikanda ngakhale pamphuno, ine mawondo akulira ngati chitseko. Kuchoka apo ntchito, belu, pemphero, ntchito, belu. Komabe sabata yoyamba ndinapirira, ndipo ndinayamba kuyenda manja ndili nawo pachifuwa ngati chithunzi cha pakhoma.

Lachiwiri la sabata yachiwiri Sisitere Benedikita anandiitana.

"Mawa ndi tsiku la chete, mwanangu. Kamodzi pa mwezi timatseka pakamwa kuti timve Mulungu. Iwe uchape zoyera zathu za kumutu ndi makolala, uziviike mu sitachi, usite. Sitachi ndi ufa woyera, uli m'chitini m'sitolo. Umasungunula, n'kuthira madzi owira. Ukatha utenge chitini cha mkaka wa ana uike m'galimoto, mkuja tikupita kwanu. Wanzwa?"

"Ndamva, Sisitere."

Sitachi ndinali ndisanamuonepo chibadwire. Kwathu zovala tinkayala pansi pa mphasa n'kuzigonera, m'mawa zawongoka. Koma mtsikana woitanidwa ndi Mulungu anganene zimenezo?

Lachitatu m'mawa ndinalowa m'sitolo muja. Pa shelefu panali zitini ziwiri zazikulu, zofanana ngati mapasa. Kutsegula ichi, ufa woyera. Kutsegula icho, ufa woyera. Zinali ndi timapepala tolembedwa ndi Amayi Aakulu, koma m'chilankhulo cha kwawo, zilembo zake ngati padutsa nkhuku. Ine sukulu yanga inathera pa Sitandade 2 ya pa pulazi.

Nthawi yomweyo Sisitere Benedikita anadutsa pakhomo, maso ali pansi, milomo ikugwedera ndi pemphero. Ndinatsegula pakamwa. Ndiye ndinamva mawu a abambo aja m'khutu: akubweza sabata isanathe. Ndinatseka pakamwa mwaulemu.

Ndinati ndifunse kumwamba. Ndinapemphera Tikuoneni Maria mmodzi, n'kukumbuka kuti pa tsiku la chiweruzo nkhosa zidzakhala ku dzanja lamanja. Ndinatenga chitini cha kumanja. (Mwina mwaganiza kale kuti bwanji sindinanyambite. Inenso ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi.)

Ndinasungunula, madzi anayera bwino. Ndinaviika, kuyanika, kuyesa kusita ndi simbi ya makala. Nsalu sizinaume ngati pepala mmene zinkakhalira masiku onse, zinangoti lobodo. Ndinati ufa wachepa. Ndinatapa wina wambiri, pafupifupi theka la chitini, n'kupanga phala lenileni, kuviikanso. Ulendo uno zitauma zinalimba ndithu. Koma simbi ikadutsa pankatsala timawanga tofiirira, ndipo m'chipinda monse munamveka kafungo kokoma ngati makeke a ku khitchini ya azungu. Ndinati m'mtima, zinthu za ku Ulaya izi, ndi sitachi yemwe amanunkhira. Timawanga tija ndinatipindira m'kati. Kenako ndinanyamula chitini chotsalacho, cha kumanzere, n'kukachiika m'galimoto. Tsiku linatha ndisanatulutse liwu ndi limodzi lomwe, ndipo ndinagona ndikudziona ndili m'gulu la oyera mtima.

Lachinayi masisitere anavala kudakali chisisira, ndiye sanaone kanthu. Chizindikiro choyamba chinali mphaka wa pa mishoni. Mphaka ameneyu sankalowa m'tchalitchi, koma tsiku limenelo anakhala kumbuyo kwa Amayi Aakulu Misa yonse, maso ali pamutu pawo, ngati mkhristu watsopano.

Tinanyamuka. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Mashonalandi akulidziwa dzuwa la nthawi imeneyo. Masisitere anayamba kutuluka thukuta. Fungo la makeke lija linasanduka la chambiko, kenako la chambiko choiwalika. Amayi Aakulu, amene ankayendetsa, ananunkhiza uku ndi uku.

"Benedikita, iwe kunyamula chakudya yowola?" (Chinyanja chawo chinali chotero, koma tinkamvana.)

"Ayi, Amayi. Mwina pafa chinthu m'mbali mwa msewu."

Tinayenda mtunda wautali, chinthu chakufacho chikuyenda nafe. Ntchentche zinalowa pa zenera n'kuyamba msonkhano pa makolala. Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira. Ndinali kumbuyo nditakumbatira chitini chija, ndipo ndinadziwa, kapena nditi ndinatsala pang'ono kudziwa. Tsiku la chete linali litatha, ndikanatha kulankhula. Koma tsopano pakamwa panatsekeka pokha ndi mantha. Ndinangopempha Mulungu kuti achite ngati za ku Kana, asandutse zimene zili m'chitinimo.

Pofika pa komboni amayi anga anali atasonkhanitsa anzawo, nyimbo ndi nthungululu. Ndinatsika nditavala diresi la buluu la ku mishoni ndi nsapato zobwereka, manja pachifuwa.

"Muoneni mwana wanga," amayi ankauza aliyense, "ndi mayendedwe omwe asintha."

Abambo anali chapatali pansi pa mtengo, akungoyang'ana.

Masisitere anayamba ntchito. Agalu onse a mu komboni anabwera n'kukhala mozungulira. Amayi Aakulu atawerama kuti amange chilonda cha mayi wina, kamwana ka mbuzi kanafika kumbuyo n'kuyamba kuyamwa nsonga ya nsalu yawo ya kumutu, kamchira kakugwedera ndi chisangalalo. Anthu anafuna kuseka koma anaopa tchimo.

"Mwanangu, konza mkaka," anatero Sisitere Benedikita.

Madzi anali akuwira kale mu theka la mgolo. Ana anali pa mzere, aliyense ndi kapu kapena chitini cha jamu. Ndinasungunula ufa uja m'beseni, n'kukhuthulira mu mgolo, n'kuyamba kutakasa. Poyamba zinayera. Ndinati Mulungu wamva. Kenako zinayamba kulemera, kuyera kuja kunatha, zinasanduka zonanda ngati mazira a achule. Nditasiya mthiko unaima wokha pakati, njo!

Kamtsikana kamene kanali kutsogolo kanasuzumira, n'kuyang'ana kapu yake, n'kundiyang'ana ine.

"Maiwe! Mkaka wauma!" anakuwa mkazi wa foromani.

Sisitere Benedikita anabwera, anapisa chala, anachiyang'ana. Anagwira kolala yawo, anainunkhiza. Kenako ananditembenukira pang'onopang'ono.

Mawu onse amene ndinasunga kwa masiku awiri anatuluka nthawi imodzi. Ndinanena za zitini ziwiri, za zilembo za nkhuku, za nkhosa za kumanja, za theka la chitini, za timawanga ndinabisa, ndi za nsapato zomwe, zimene palibe anandifunsa. Ndinanena mokweza, ndikulira, komboni yonse ikumva. Amayi anga anafunda chitenje kumaso. Abambo anagwa chagada pansi pa mtengo paja.

"Ndinanena ine! Akangokhala chete ameneyu, dziwani kuti kwinakwake kukupsa!"

Amayi Aakulu anakoka nsonga ya kolala yawo n'kuinyambita.

"Mkaka," anatero. Anayamba kuseka mpaka anakhala pa bokosi la mankhwala, misozi ili mbwe. "Zaka makumi atatu ine sisitere. Lero ine ng'ombe."

Apo anthu anamasuka, phwete linamveka mpaka ku mabani. Koma Sisitere Benedikita sanaseke. Ankayang'ana mzere wa ana uja. Ena mwa iwo anali a mimba zotupa ndi tsitsi lofiira, ndipo kapu ya Lachinayi ija ndiyo inali mkaka wawo wa sabata yonse. Ku mishoni kunali kutali, kubwerera kukatenga wotsalawo sikukanatheka tsiku lomwelo. Nditaona kumene ankayang'anako, manyazi anga anasintha mtundu.

Amayi Aakulu nawo anaona. Anapukuta maso n'kuimirira.

"Iwe, tenga ndowa ziwiri. Tiyeni."

Tinakwera chitunda kupita ku nyumba ya mwini pulazi, awiriwiri. Ine sindinkaloledwa kufika khomo la kutsogolo, ndiye iwonso anazungulira nane ku khomo la kukhitchini. Tinaima padzuwa nthawi yaitali. Dona, mkazi wa mwini pulaziyo, atatuluka anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kugwira mphuno ndi kampango. Sindinamve Chingerezi chonse, koma nkhope ndinaiwerenga: sankafuna. Amayi Aakulu, munthu wamkulu kuposa mayi ake a donayo, ntchentche zili ng'waa kuzungulira mutu, anapempha kachiwiri, kachitatu, modekha, osanditchula ine ngakhale kundiloza. Mapeto ake dona analamula kuti atipatse mkaka woengula umene ankamwetsa ana a ng'ombe. Amayi Aakulu anathokoza ngati apatsidwa ng'ombe yamoyo.

Potsika, ndowa ina ili pamutu ina m'manja, anandifunsa.

"Chifukwa chiyani iwe osafunsa?"

"Linali tsiku la chete, Amayi."

"Chete ndi ya kumvera Mulungu. Iwe dzulo kumvera ndani?"

Ndinayenda mapazi angapo. "Ndimafuna abambo aone kuti ndingathe."

"Ehe. Inenso kale kufuna bambo wanga aone. Samala, mkaka kutayika."

Ana anamwa tsiku limenelo, mochedwa koma anamwa. Zonanda zija sizinatayidwe: akazi anagawana n'kumatira manyuzipepala m'makoma, moti Khirisimasi ya chaka chimenecho nyumba za mu komboni zinali zokongola kuposa kale lonse. Masisitere anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka ndi fungo lawo lomwelo, ndipo nsalu zija ndinazichapa katatu.

Sanandithamangitse. Mwezi ndinaumaliza, n'kupita ndekha kwa Sisitere Benedikita kukanena kuti mwina amene anandiitana uja sanali Mulungu.

"Anali Iye," anatero, "koma unamva theka. Lachinayi tizikupeza pa komboni. Nkhalamba za kwanu zija sizimva Chishona changa, zikufuna munthu wa pakamwa."

Ndinawamasulira zaka zambiri, ndi nditakwatiwa komwe, ndipo kutsuka zilonda ndinaphunzira kwa iwo.

Mukuganiza kuti kuchokera pamenepo ndinaphunzira kufunsa? Ndikanakonda kutero. Chimene ndinaphunzira ndi kunyambita. Ufa uliwonse woyera ndikaupeza m'chitini, chala chimayamba chapita pa lilime. Mwezi wathawu kwa mpongozi wanga ku Glendale ndinanyambita sopo wochapira, iye ali chiimire pambali panga, ndipo anali atangotsegula pakamwa kuti andiuze.