Kafayilo Kamene Kanandigwetsa

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo. Koma popeza ku Senga Bay kuno aliyense akuidziwa kale, mpaka akabaza amaikamba akamadikira makasitomala, bola muimve kwa mwini wake. Sekani, sindikwiya.

Ndinkagwira ntchito pa resepishoni ya loji ina kunyanja kuno. Abwana athu, mayi Nkhoma, ankafuna manijala, ndipo olimbirana mpandowo tinali awiri: ine ndi Esnart wa mu ofesi. Loweruka lina m'mawa abwana anandiitana ali kale m'galimoto.

"Mada, ine ndikupita ku chinkhoswe, ndibwera madzulo. Lero kukubwera gulu la abusa ochokera ku Lilongwe. Ukawalandira bwino, mpando uja ndi wako. Ukalakwitsa, usadzandifunsenso za umanijala."

"Musadandaule, madamu. Zonse zili under control!"

Ndinavala tayi tsiku limenelo, kutentha konse kwa ku Salima kuja.

Tsono maimelo onse a loji ankakhala mu foda imodzi, ndipo foda imeneyi tinkagawana, kompyuta yanga ndi ya Esnart. Gift, katswiri wa makompyuta amene anatilumikizira zinthuzi, anazikonza moti wina akamasuntha kapena kufufuta maimelo, foda imadzikiya yokha, winayo adikire mpaka mnzake amalize.

Abusa aja analonjeza kutumiza imelo yonena zimene akufuna kudzadya ndi kumwa. Ndinakhala pampando, ndikudina foda. Kompyuta: "Folder locked by another user."

Ndinadinanso. Chimodzimodzi.

Che Saidi, khuki wathu, anali ataima kale pakhomo, dengu lili m'manja.

"Bwana manijala wa lero, ndikagule chiyani? Chambo chikutha kugombe, mavenda afika kalekale."

"Dikirani pang'ono, Che Saidi."

"Nsomba siidikira munthu, bwana."

Ndinathamangira ku ofesi. Ndinapeza Esnart akumwa tiyi mtima uli m'malo, ngati palibe chikuchitika.

"Esnart, ndiwe wakiya foda?"

"Ndikufufuta maimelo akale, yadzaza. Ikumaliza, dikira."

"Imaliza nthawi yanji?"

"Ikamaliza."

Iii! Chaka chonse foda imeneyi sanaiyeretsepo, wasankha lero? Ndinadziuza kuti mkazi ameneyu akufuna kundigwetsa, abusa afike apeze miphika yozizira, iye atenge mpando.

Ndinaimbira Gift. Foni kulira mpaka kuduka. Ndinaimbanso, osayankha. Thukuta linayamba kutsikira mu tayi.

Pamenepo ndinakumbukira. Tsiku lina magetsi atathima mwadzidzidzi, foda inakana kutseguka, ndipo ndinamuona Gift akufufuta kafayilo kena kakang'ono kolembedwa "lock". Atangokafufuta, zonse zinayenda. Ndinati kodi Gift ali ndi mitu iwiri? Ndinakasaka kafayiloko, ndinakapeza, delete!

Foda inatseguka nthawi yomweyo. Ndinadzimenya pachifuwa. Esnart adye mutu!

Imelo ya abusa inali pamwamba penipeni. Ndinayamba kuwerenga mokweza kuti Che Saidi amve.

"Moni m'dzina la Ambuye. Ndife abusa a mipingo yosiyanasiyana, tikubwera kudzapuma ndi kulimbikitsana. Chonde mutikonzere zinthu izi."

Apa panali tizilembo tina tosamveka, koma sindinasamale. Ndinapitiriza.

"Makireti a mowa, wozizira kwambiri, usathe. Mbuzi yootcha. DJ wodziwa ntchito, nyimbo zikhale zogwedeza. Chachikulu, akazi athu asadziwe."



"Astaghafirullah!" anatero Che Saidi. "Abusa amenewa ndi a mpingo uti?"

"Si ntchito yathu kuweruza, Che Saidi. Kasitomala ndi kasitomala."

"Mbuziyo ndiotcha. Koma mabotolowo musandigwiritse ine."

Kunena zoona, nanenso ndinakayikira. Nanga bwanji ngati pali cholakwika? Ndinaganiza zoimbira mtsogoleri wawo, abusa Mwale, kuti nditsimikize. Anayankha ali mu minibasi, phokoso lili tayale.

"Abusa, ndine Mada wa ku loji. Imelo yanu ndaiona."

"Zikomo, mwana wanga. Mwakonza zonse?"

"Tikukonza. Kungoti zakumwazi, abusa, mukutsimikiza?"

"Eee! Ife tikakumana timamwa kwambiri, usatione chonchi. Makamaka abusa Phiri, makapu ake sawerengeka. Zisathe ayi!"



"Nanga za nyimbozi?"

"Aaa, pamenepo ndiye alendo ena atikhululukire. Ife tikayamba sitisiya, mpaka mawu kusasa."

"Chabwino, abusa. Chinsinsi chanu ndisunga."

"Wati chiyani? Sindikumva, netiweki..."

Foni inaduka. Koma ine ndinali nditamva zokwanira. Ndinati dziko lapita ili, koma umanijala wokha sundipita.

Ndili pakati potumiza akabaza ku bottle store, Esnart anatulukira nkhope itakwinyika.

"Mada, kompyuta yanga yalemba error isanamalize. Wakhudza kanthu?"

"Ine? Ndikhudze chiyani?"

"Nanga foda watsegula bwanji?"

"Yatseguka yokha. Mwina yandimvera chisoni."



"Imelo ya abusa yafika? Tandionetsa."

"Ndi confidential," ndinatero ndikutembenuza sikirini. "Nkhani za ma VIP timazisunga ife a management."

Anangoti "Ohoo," n'kubwerera ku ofesi. Mpaka lero ndimalira ndikakumbukira mphindi imeneyo. Ndikanangomuonetsa!

Ntchito ndinaigwira, abale, musanditenge ngati waulesi. Matebulo tinawatulutsa pamchenga. Mabotolo tinawaunjika m'mabafa odzaza ayisi, ena m'ma cooler box. Mbuzi inali pamoto, fungo mpaka kumsewu. DJ ndinapeza uja amaimba m'mabala usiku wa Lachisanu, masipika ake aatali ngati munthu.

"Akangotsika, uyatse ija yovuta ija," ndinamuuza.

"Kodi mwati ndi abusa?"

"Iwe yatsa basi, ndi abusa amakono."

Dzuwa litapendeka, minibasi inalowa pageti. Ndinakonza tayi, ndinakweza dzanja, DJ anatsegula. Bezi inagunda mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo mawu a nyimboyo sindingawalembe pano, mayi anga amawerenga.

Chitseko chinatseguka. Anatsika abusa Mwale, bambo wa imvi, kolala yoyera pakhosi, Baibulo kukhwapa. Anatsika wachiwiri, wachitatu. Kenako anayamba kutsika azimayi. Mipango yoyera kumutu, mabuku a nyimbo m'manja.

Akazi awo!

Ndinati abusa awa zawavuta, amayi awakakamira panjira. Manijala weniweni amapulumutsa kasitomala wake. Ndinathamanga, ndikukupiza manja kuti anyamata a pa loji avindikire mabafa ndi nsalu za patebulo, n'kukafika pa abusa Mwale. Chifukwa cha phokoso lija, kunong'ona kwanga kunali kukuwa.

"Abusa, musaope! Mowa wanu tabisa! Amayi sadziwa kanthu!"

Nthawi yomweyo DJ, ataona makolala, anathimitsa nyimbo. Mawu anga otsiriza anamveka mpaka kunyanja.

Mayi wina wamtali, amene anaima kumbuyo kwa abusawo, anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Sindidziwa chiyani?"

"Mayi, ine sindikudziwa zimene mwanayu akunena," anatero abusa.

"Abambo, ndikufunsa mwanayu. Iwe, mowa wa ndani?"

Ndinayang'ana abusa, abusa anayang'ana kumwamba. Mphepo ya kunyanja nayo inasankha nthawi yomweyo kuulutsa nsalu imodzi, mabotolo onse poyera, akuchita thukuta padzuwa.

"Ndiye misonkhano yanu ija imakhala yotere?" anatero mayi wina kwa amuna awo. "Chaka chatha munabwera maso ali psuu, mumvekere tinachezera kupemphera!"

"Tinachezeradi kupemphera, mayi!"

Pabwalo panabuka chipwirikiti. Uyu akulumbira, uyu akulira, wina akuti dalaivala atembenuze galimoto. Ine poti ndidziteteze ndinathamangira mkati, ndinasindikiza imelo ija, n'kubwera nayo ndikuikupiza.

"Munalemba nokha, abusa! Pafoninso munati mumamwa kwambiri!"

"Tiyi, mwana iwe! Tiyi!"

Galimoto ya mayi Nkhoma inalowa pamenepo.

Sanakuwe. Akanakuwa bola. Anatenga pepala lija, anawerenga, anaitana Esnart, kenako anaimbira Gift n'kuika foni pa loud kuti aliyense amve. Ameneyo, amene ine anandikanira tsiku lonse, kwa abwana anayankha kamodzi.

"Alipo anafufuta kafayilo ka lock?" anafunsa Gift atamva nkhani.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale Che Saidi, ndi mpeni wake wa mbuzi m'manja.

"Ndinangotengera inu," ndinatero ndi kamawu kakang'ono.

"Ine ndinafufuta magetsi atathima, palibe amene ankagwiritsa ntchito foda! Inu mwafufuta kompyuta ya Esnart ili pakati polemba. Makompyuta awiri alowa mu foda nthawi imodzi, maimelo aphatikizana. Mutu ndi wa imelo ina, thupi ndi la ina."

Esnart anatsegula foni ya abwana, mmene munali maimelo osawonongeka, n'kuwerenga mofatsa ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Abusa anapempha tiyi wambiri, mandasi, chambo, ndi chipinda chabata choimbiramo nyimbo za Mulungu. Za mowa zija zinali za anyamata ena amene ankabwera Loweruka linalo kudzatsanzikana ndi mnzawo wokwatira.

Azimayi anayamba kuseka, woyamba yemwe uja wamtali, mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinkangofuna mchenga utseguke ndilowe.

Abusa Mwale anayenda pang'onopang'ono kukafika pa bafa lija. Anayang'ana mabotolo, anayang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, ndakalamba ndikulalikira za mayesero. Koma kuwapeza atandiikira pa ayisi, ndi lero."

Anagona ndithu pa loji, mbuzi anadya, tiyi anamwa mpaka shuga kutha. Pa pemphero la madzulo ananditchula dzina, kuti Ambuye andipatse mtima wodikira, gulu lonse n'kuyankha ameni wamphamvu kuposa masipika aja.

M'mawa mwake mayi Nkhoma anandiitana. Esnart anali atakhala kale pampando wa manijala.

"Mada, taona kuti mowa umaudziwa kugula, ndiponso kuuziziritsa. Kuyambira lero uzigwira ku bala. Kumeneko kulibe kompyuta."

Ndili komweko mpaka pano, ndikutsegula mabotolo.

Abale anga, mukapeza chitseko cha bafa chokhoma musathyole, muli munthu akusamba.